Bruce Fraser, mphunzitsi amene anatsegula m'maso ojambula zithunzi

Chaka cha 2006 chinayamba ndi uthenga wowawa kwa anthu ojambula zithunzi ndi filimu. Mu Januwale, kampani ya Nikon inalengeza kuti ikusiya kupanga ambiri mwa makamera ake a filimu, ndipo mwezi womwewo kampani ya Konica Minolta inati ikuchokeratu pa malonda a makamera. Zinaonekeratu kuti nyengo yasintha. Koma chakacho chisanathe, maliro anagwa kumbali inayo, kwa anthu amene anali atalandira kale kamera ya digito ndi manja awiri. Pa 16 Disembala, a Bruce Fraser, mlembi ndi mphunzitsi wa ku San Francisco m'dziko la America, anamwalira ndi khansa ya m'mapapo ali ndi zaka 52.

Dzinali ambiri kwathu kuno sanalimvepo. Palibe chithunzi chotchuka chimene tingaloze n'kunena kuti anajambula ndi iwo, palibenso kamera imene anapanga. Ntchito yawo inali yofotokoza. Pa nthawi imene ojambula zithunzi padziko lonse ankatseka chipinda chamdima chotsukiramo filimu n'kukakhala pa kompyuta, zinthu n'kumawakanika osadziwa chifukwa chake, a Fraser ndi amene ankakhala pansi, kuyesa makinawo mpaka kuwamvetsa, kenako n'kulemba moti munthu wamba amve. Mnyamata wa ku Lilongwe kapena ku Chipata amene usiku uno atsegule pulogalamu ya Lightroom kuti akonze zithunzi za ukwati wa Loweruka akudutsa m'njira imene bamboyu analambula.

Makina anatsogola, nzeru zinatsalira

Nkhaniyi inayambira kutali. Mu 1969, ku Bell Labs ku America, a Willard Boyle ndi a George Smith anatulukira kachipangizo kotchedwa CCD, kotha kusandutsa kuwala kukhala mphamvu ya magetsi imene munthu angayeze. Mu 1975 injiniya wachinyamata wa kampani ya Kodak, a Steven Sasson, analumikiza kachipangizoka ndi zida zina n'kupanga kamera ya digito yonyamulika. Inkalemera makilogalamu 3.6, inkajambula zakuda ndi zoyera zokha, chithunzi chake chinali ndi timadontho 10,000 basi, ndipo pankadutsa masekondi 23 kuti chithunzi chimodzi chilowe mu kaseti.

Kamera yotere inakhala zaka zambiri ili ya mu labotale. Chimene chinafika msanga m'manja mwa anthu ndi pulogalamu yokonzera zithunzi. Mu 1987 a Thomas Knoll, amene ankaphunzira pa yunivesite ya Michigan, analemba kapulogalamu koonetsera zithunzi pa kompyuta ya Macintosh. Mng'ono wawo John, yemwe ankagwira ntchito ku Industrial Light & Magic, kampani yopanga zodabwitsa za m'makanema, anaona kuti kanthuka kangapite patali. Kampani ya Adobe inatenga pulogalamuyo n'kuitulutsa mu Febuluwale 1990 ndi dzina loti Photoshop. Chaka chotsatira Kodak inayamba kugulitsa kamera ya digito ya akatswiri, imene anaimanga pa thupi la Nikon F3, ya timadontho 1.3 miliyoni, pa mtengo woti ndi makampani a nyuzi okha amene akanaufikira. Choncho m'zaka zoyambirirazo zithunzi zambiri zinkajambulidwabe pa filimu, n'kulowetsedwa mu kompyuta ndi sikana.

A Fraser anabadwira mumzinda wa Edinburgh ku Scotland pa 9 Januwale 1954, ndipo atakula anakakhazikika ku San Francisco. Malowo anali oyenera munthu wa mtima ngati wawo, chifukwa Apple ndi Adobe zili chapafupi pomwepo, kummwera kwa mzindawu. Anayamba kudziwika polemba m'magazini a MacWEEK ndi Macworld, akuyesa masikana, mapulinta ndi masikirini n'kuuza owerenga zoona zake, osati zolembedwa pa katoni. Pakati pa zaka za m'ma 1990 analemba limodzi ndi a David Blatner buku la Real World Photoshop, limene ankalikonzanso nthawi iliyonse Photoshop yatsopano ikatuluka. Mabuku ena a nthawiyo ankaphunzitsa kupanga zilembo zoyaka moto ndi zina zosangalatsa maso. Ilili linkayankha funso la munthu amene akudyera pa ntchitoyi: ndichite chiyani kuti chithunzi chimene ndikuona pano chikatuluke chomwechi pa pepala?

Kompyuta sidziwa mtundu

Funso limeneli linasowetsa tulo anthu ambiri. Munthu ankachezera usiku wonse akukonza chithunzi, pa sikirini n'kumaoneka chokongola, koma akachitumiza kokasindikiza chinkabwera china: thambo la buluu lasanduka la pepo, nkhope zachita chikasu, jekete lakuda langokhala chigamba cha bii chopanda ngakhale mzere wa kolala. Wojambula ankaloza chala wosindikiza, wosindikiza n'kuloza kompyuta ya wojambula, ndalama n'kumathera pa mapepala oyesera.

Chimene a Fraser anabwereza kwa zaka zambiri, m'magazini, m'mabuku ndi m'misonkhano ya ojambula, n'chakuti kompyuta sidziwa mtundu. Imadziwa manambala. Kadontho kalikonse ka chithunzi kamasungidwa ngati manambala atatu, ya kufiira, ya kubiriwira ndi ya buluu, iliyonse kuyambira 0 kulekeza 255. Mukalemba 255, 0, 0 simunanene kuti ndi kufiira kotani. Mwangolamula chipangizo kuti chitulutse kufiira konse kumene chingathe, ndipo masikirini awiri oyandikana atulutsa kufiira kosiyana. Pulinta ndiye ili ndi khalidwe lina. Siwala ngati sikirini, koma imathira inki zinayi, ya cyan, ya magenta, yachikasu ndi yakuda, pa pepala limene nalonso lili ndi kuyera kwakekwake. Pali mitundu ina yowala imene sikirini imaonetsa koma inki singaikwanitse ngakhale mutatani.

Mankhwala a vutoli anayamba kupezeka mu 1993, pamene makampani 8, kuphatikizapo Adobe, Apple, Agfa, Kodak ndi Microsoft, anakhazikitsa bungwe la International Color Consortium. Anagwirizana kuti chipangizo chilichonse chizikhala ndi kafayilo kotchedwa profile, kofotokoza mtundu weniweni umene chipangizocho chimatulutsa pa nambala iliyonse, poyeza ndi mmene diso la munthu limaonera. Muyezo wa diso umenewu unalipo kale, chifukwa akatswiri a bungwe la CIE anaukhazikitsa mu 1931 n'kuuwonjezera mu 1976. Sikana, sikirini ndi pulinta zikakhala ndi profile, kompyuta imatha kusintha manambala pochoka pa chipangizo china kupita pa chinzake kuti mtundu ukhalebe womwewo.

Nzeruyo inali yabwino, koma italowa mu Photoshop 5 mu 1998 kunali chipwirikiti. Pulogalamuyo inkasintha manambala a zithunzi zakale pozitsegula, eni ake osadziwa chimene chikuchitika, ndipo ambiri anapsa mtima n'kuthimitsa zonse za profile kuti abwerere ku zongoyerekeza. Pamenepa m'pamene a Fraser anafunika kwambiri. Anafotokoza mmene makonzedwe atsopanowo amayendera, anaonetsa pamene Adobe inalakwitsa, ndipo popeza ankayesa Photoshop isanatuluke, madandaulo a ojambula ankawafikitsa kwa mainjiniya eni ake. Ataona kuti malire a mitundu otchedwa sRGB, amene HP ndi Microsoft anakonza mu 1996, ndi opapatiza kwa munthu wofuna kusindikiza, pamene malire ena anali otambalala mopitirira mafayilo a nthawiyo, anakonza awoawo apakatikati. Anthu anawatcha BruceRGB. Patapita zaka, makompyuta atakula mphamvu ndipo mafayilo a 16-bit atafala, iwo eni anayamba kulimbikitsa malire otambalala otchedwa ProPhoto RGB, osakakamira chinthu chokhala ndi dzina lawo. Ine ndimaona kuti apa m'pamene mphunzitsi weniweni amadziwikira. Ambiri a ife tikapanga kanthu kamodzi kabwino timakateteza mpaka kumanda, ngakhale nthawi yake itadutsa.

Mu 2003 anatulutsa buku la Real World Color Management limodzi ndi a Chris Murphy ndi a Fred Bunting. Ndi buku lalikulu, koma malangizo ake oyambira ndi oti aliyense angawatsate. Sikirini iyezedwe ndi kachipangizo koyezera, osati ndi maso, chifukwa diso limazolowera msanga chilichonse chimene lapatsidwa. Chithunzi chosindikizidwa chionedwe pa kuwala kokhazikika, osati lero padzuwa mawa pa babu lachikasu. Ndipo musanawononge pepala, uzani kompyuta ikuonetseni mmene pulinta yanuyo idzatulutsire chithunzicho.

Negetivu yatsopano

Kamera ya digito inafika m'manja mwa ojambula ambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Nikon D1 inatuluka mu 1999 ndi timadontho 2.7 miliyoni, ndipo mu 2003 Canon EOS 300D inagulitsidwa pa mtengo wosafika madola 1,000 pamodzi ndi lenzi yake. Chaka chomwecho, mu Febuluwale, a Thomas Knoll anatulutsa kapulogalamu kowonjezera pa Photoshop kotchedwa Camera Raw. Buku la a Fraser lofotokoza kapulogalamuka, Real World Camera Raw, linatuluka mu 2004, ndipo mwa mabuku awo onse ndi limene linasintha kwambiri kajambulidwe ka anthu.

Kuti timvetse, tiyambire pa sensa. Sensa ya kamera siona mitundu. Kadontho kalikonse kamangowerenga kuchuluka kwa kuwala kumene kwagwa pa iko. Kuti mitundu ipezeke, pamwamba pa timadonthoti amayalapo tizosefera, theka tobiriwira, gawo limodzi mwa magawo anayi tofiira, lotsalalo ta buluu. Kayalidwe kameneka anakatulukira ndi a Bryce Bayer a ku Kodak, ndipo umwini wake unalembetsedwa mu 1976. Choncho kadontho kalikonse kamadziwa mtundu umodzi wokha, ndipo mitundu iwiri yotsalayo imachita kuwerengeredwa poyang'ana timadontho toyandikana nato. Mukajambula JPEG, kamera imachita yokha masamu onsewa m'kanthawi kochepa, imasankha yokha kuyera kwa kuwala, kuya kwa mithunzi ndi kuwala kwa mitundu, kenako zotsala zonse imataya. Mukajambula raw, kamera imasunga zimene sensa inawerenga, zosankhazo n'kukusiyirani inu. JPEG ili ngati nsima yophikaphika: ikalimba kapena ikachita madzi, mudya choncho. Raw ndi ufa, mwini wake amaphika mmene akufunira, ndipo mawa akhoza kuphikanso mwina.

Phunziro lozama kwambiri linali la mmene sensa imawerengera kuwala. Imawerenga mwachindunji: kuwala kukawirikiza kawiri, nambala nayo imawirikiza kawiri. Diso la munthu silitero, ndipo filimu nayo sinkatero. Mukayatsa nyali imodzi m'nyumba ya mdima, kusintha kumakhala kwakukulu, koma mukayatsa yachiwiri simuona ngati kuwala kwawirikiza. M'nkhani imene analembera kampani ya Adobe mu 2004, a Fraser anaika masamu ake poyera. Kamera ya 12-bit ili ndi masitepe 4,096 kuchokera pakuda kufika poyera. Tiyerekeze kuti ikutha kuona magawo 6 a kuwala, lililonse lowala theka la linzake. Gawo lowala kwambiri limatenga masitepe 2,048, theka la onse. Lotsatira limatenga 1,024, kenako 512, 256, 128, ndipo gawo la mdima kwambiri limangotsala ndi 64.

Tanthauzo lake ndi lalikulu. Ojambula ozolowera filimu ya silaidi anaphunzitsidwa kuchepetsa kuwala pang'ono poopa kupsereza malo oyera. Chizolowezi chimenechi pa digito n'chowononga, chifukwa chimataya theka la zimene kamera ikanasunga, ndipo mukafuna kuwalitsa chithunzicho pa kompyuta mumakhala mukutambasula masitepe ochepa aja. Zotsatira zake ndi timchenga ndi timadontho tamitundumitundu m'malo amdima. Njira yabwino ndi kulowetsa kuwala kochuluka mmene kungathekere popanda kupsereza malo oyera ofunika, kenako n'kudetsa pa kompyuta ngati pakufunika kutero. A Michael Reichmann a ku Canada, mphunzitsi wina wotchuka amene anamwalira mu Meyi 2016, anali atalemba za njirayi mu 2003 atakambirana ndi a Knoll. A Fraser ndi amene anaonetsa chifukwa chake momveka bwino moti munthu sangaiwale.

Panalinso nkhani ya umwini. Kampani iliyonse ya makamera inali ndi mtundu wakewake wa fayilo ya raw, ndipo sinkaulula mmene fayiloyo inapangidwira. Mu Sepitembala 2004 Adobe inatulutsa DNG, mtundu wa fayilo umene kapangidwe kake n'kolembedwa poyera, ndipo a Fraser anaulimbikitsa. Mu 2005 kunabuka mkangano zitadziwika kuti kamera ya Nikon D2X imabisa zina mwa zolembedwa mu fayilo yake ya raw kuti mapulogalamu a makampani ena asaziwerenge mosavuta. Negetivu ya filimu mukaisunga bwino mdzukulu wanu adzaiyang'ana padzuwa n'kuona agogo ake. Fayilo imene imatseguka ndi pulogalamu ya kampani imodzi yokha, kampaniyo ikagwa, chithunzi chagwa nayo.

Masamu amenewa ndi khungu lathu

Apa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa masamu a masitepe aja amatikhudza ife anthu akuda mwapadera. Kwa zaka zambiri, kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankayeza makina awo ndi khadi la kampani ya Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, limene linkadziwika kuti khadi la Shirley. Khungu la mayiyo likatuluka bwino, makina ankati ali bwino. A Lorna Roth, katswiri wa ku Canada amene anafufuza nkhaniyi n'kuilemba mu 2009, anapeza kuti ena mwa amene anakakamiza Kodak kukonza filimu yake kuti izitha kusiyanitsa mitundu yoderako anali makampani a mipando ya matabwa ndi a chokoleti, amene ankadandaula kuti katundu wawo sakuoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Khadi lokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana linadzatuluka m'zaka za m'ma 1990.

Aliyense amene ali ndi alubamu yakale kunyumba akudziwa zimene ndikunena. Wojambula ankabwera pa njinga, kamera ili m'khosi, n'kujambula banja lonse pakhomo, kenako n'kupita ndi filimu m'tauni kukatsukitsa. Pakatha sabata kapena ziwiri zithunzi zinkabwera, zovala zikuoneka bwinobwino koma nkhope zili bii, maso ndi mano okha ndiwo akuwala. Tinkati ndi dzuwa, kapena tinkati wojambulayo ndi wosadziwa ntchito. Nthawi zina zinalidi choncho, koma nthawi zambiri vuto linali m'zida zimene zinayezedwa pa khungu la anthu ena.

Digito sinathetse vutoli yokha. Taganizirani mkwati wakhungu lakuda atavala diresi loyera, ataima pabwalo la tchalitchi masana a mwezi wa Okutobala. Kamera ikasiyidwa kuti isankhe yokha, imaopa kupsereza diresi n'kuchepetsa kuwala, ndipo nkhope ya mkwati imagwera m'magawo a masitepe ochepa aja. Ikakhala JPEG, zambiri za pankhopepo zatayidwa kale. Wojambula akafika pa kompyuta amayamba kukoka, khungu n'kusanduka lotuwa ngati phulusa kapena lofiira mosadziwika bwino. Ena pofuna kubisa timchenga amasalaza nkhope yonse mpaka munthu kuoneka ngati chidole, ndipo ena amangomuyeretsa khungu mwadala poganiza kuti ndiko kukongoletsa. Izi zimandipweteka mtima. Mwana adzakula n'kuona chithunzi cha ukwati wa mayi ake, koma khungu limene lili pamenepo si la mayi ake.

A Fraser sankalemba za maukwati a kwathu kuno, koma zimene anaphunzitsa ndiye yankho lake. Jambulani raw. Lowetsani kuwala kokwanira, ndipo ngati mthunzi wachuluka pankhope, onjezerani kuwala ndi fulashi kapena chowalitsira, kapena musunthireni munthuyo pansi pa mtengo. Yezani sikirini yanu kuti khungu limene mukuona likhale limene lidzatuluke ku situdiyo. Makampani nawo anadzazindikira mochedwa kuti msika wa anthu akuda ndi waukulu: kampani ya Transsion ya ku China, imene imapanga mafoni a Tecno ndi itel, inatchuka mu Africa muno mwa zina chifukwa chokonza makamera ake kuti azitulutsa bwino khungu lakuda, ndipo Google inalengeza njira yake ya Real Tone mu 2021. N'zoyamikika, komabe amene akusankha mmene nkhope yanu ionekere pamenepo ndi injiniya wa kutali. Wojambula wodziwa chimene chikuchitika mkati mwa kamera amasankha yekha.

Ntchito yomaliza

Chinthu chomaliza chimene a Fraser analimbana nacho ndi kunola chithunzi kuti m'mbali mwa zinthu muzioneka mwakuthwa. Chithunzi chilichonse cha digito chimabadwa chofewa pang'ono, chifukwa cha masamu owerengera mitundu aja ndiponso kagalasi kamene makamera ambiri amaika patsogolo pa sensa. Inki nayo ikagwa pa pepala imamwazikana pang'ono. Kompyuta imanola popeza malire a chowala ndi chakuda, n'kuwalitsa mbali yowalayo pang'ono ndi kudetsa mbali yakudayo pang'ono. Mukachepetsa, chithunzi chimaoneka chachimbuuzi. Mukapyoza muyezo, mitu ya anthu imazunguliridwa ndi kamzere koyera, tsitsi n'kuoneka ngati waya.

Ojambula ankakangana ngati kunolaku kuzichitika poyamba kapena pomaliza. Mu 2003 a Fraser analemba kuti mkanganowo ndi wosathandiza, chifukwa pali mavuto atatu osiyana amene sangathe ndi mankhwala amodzi. Poyamba nolani pang'ono kuti mubwezeretse zimene kamera inafewetsa. Kenako nolani malo okhawo amene mukufuna kuti diso la woonera lifikepo, monga maso a munthu, khungu n'kulisiya. Pomaliza nolani molingana ndi kumene chithunzicho chikupita, chifukwa chithunzi cha pa chikwangwani cha mumsewu, cha mu nyuzipepala ndi cha pa foni sizifuna muyezo umodzi. Iwo ndi anzawo a m'kagulu ka PixelGenius, kuphatikizapo a Jeff Schewe, a Martin Evening, a Andrew Rodney ndi a Seth Resnick, anaika njirayi mu pulogalamu ya PhotoKit Sharpener. Buku lake, Real World Image Sharpening, linatuluka mu 2006, chaka chimene anamwalira.

Chaka chomwecho bungwe la National Association of Photoshop Professionals linawapatsa mphoto yoyamikira ntchito ya moyo wawo wonse. Atamwalira, anzawo ndi ophunzira awo anasonkhana ku San Francisco mu Januwale 2007, sabata ya chionetsero cha Macworld, kuti awakumbukire. Pa chionetsero chomwecho, pa 9 Januwale, tsiku limene akanakwanitsa zaka 53, a Steve Jobs a kampani ya Apple anaonetsa dziko iPhone yoyamba, yokhala ndi kamera ya timadontho 2 miliyoni. Nyengo ya kamera ya m'thumba, imene lero yafika mpaka kumudzi kwenikweni, a Fraser sanaione. Sanaonenso Lightroom itamalizidwa, chifukwa inatuluka mu Febuluwale 2007, patangopita miyezi iwiri chimwalirireni.

Koma nzeru zawo zinalowa m'zidazo. Pakati pa chaka cha 2007, Camera Raw ndi Lightroom zinalandira njira yatsopano yonolera zithunzi yotsatira maganizo awo, ndipo mu 2008 Lightroom 2 inabwera ndi kunola komaliza kochokera pa ntchito ya PixelGenius. Mukamatumiza chithunzi kuchokera mu Lightroom, pulogalamuyo n'kukufunsani ngati chikupita pa sikirini, pa pepala lonyezimira kapena pa losanyezimira, funso limenelo ndi la a Fraser. A Schewe anatenga mabuku a mnzawoyo n'kupitiriza kuwakonza, dzina la malemuyo lili pachikuto.

Chimene chinachititsa kuti imfayi iwawe anthu amene sanawaonepo n'komwe n'chakuti a Fraser sankabisa nzeru. Pa ntchito zamanja zambiri, munthu akadziwa kanthu amakaumira poopa kuti wophunzira amulanda makasitomala. Iwo ankati akatulukira chinthu, mwezi wotsatira chili m'magazini. Sankangopereka manambala oti munthu aloweze, ankafotokoza chifukwa chake, moti wowerenga akakumana ndi pulinta imene mphunzitsiyo sanaionepo amatha kudzithandiza yekha. N'chifukwa chake mabuku awo, ngakhale akunena za Photoshop yakalekale, akadali othandiza, pamene mabuku ambiri a nthawi yomweyo anatha ntchito pulogalamu itangosintha.

Kwathu kuno aphunzitsi otere alipo, kungoti sitiwalemba m'nyuzi. M'matauni athu muli madala amene anayamba ndi filimu, anatsukapo zithunzi m'chipinda chamdima, anasamukira ku digito ndi ndalama zawo zomwe, ndipo amadziwa kujambula nkhope yakuda padzuwa la masana kuposa buku lililonse lolembedwa ku America. Nzeru zawozo zili m'mutu basi. Achinyamata ambiri amene akugula makamera lero akuphunzira pa YouTube, kwa anthu amene akujambula khungu lina pa kuwala kwina, ndipo zithunzi zawo zikungothera pa WhatsApp, pamene zimafinyidwa mpaka zosasindikizika bwino. Inu akuluakulu a ntchitoyi, itanani anyamata ndi atsikanawa ku situdiyo kwanu muwaonetse, ndipo zimene mukudziwazo zilembeni, m'Chichewa momwe, mudakali ndi mphamvu.